Khadi la Tsiku la Anakubala tidinde tokha

Akonzi,

Ndiloleni ndinenepo za makhadi a mafuno abwino, poti pa 15 October pano tikhala tikukumbukira Tsiku la Anakubala.

Zaka zinayi zapitazo ndidalowa masitolo atatu mu Limbe kufunafuna khadi loti mayi anga awerenge okha. Onse adali a Chingerezi. Mayi sukulu adalekeza sitandade 3 kwathu ku Thyolo, Chichewa amawerenga bwinobwino, koma Chingerezi amachita kuwatanthauzira adzukulu. Zidandiwawa kuti mawu anga akawafike kudzera pakamwa pa munthu wina. Ndidabwerera chimanjamanja n'kuyamba kupanga langa, ndipo mpaka lero sindidasiye.

Chidindo choyamba ndidasema ndi lezala pa labala wofufutira wa mwana wanga. Ndidalemba kuti "Amayi", koma nditadinda mawu adatuluka chobwerera m'mbuyo. Pachidindo zilembo zimasemedwa motembenuza, monga zionekera pagalasi. Abambo osema zidindo za m'maofesi amadziwa zimenezi kalekale, ndipo mmodzi wa iwo ndiye adandionetsa kagwiridwe ka mpeni.

Chomwe ndimakonda kwambiri ndi embossing, kutundumutsa zilembo kuti zizimveka ndi chala. Mumadinda ndi inki yomata yochedwa kuuma, monga VersaMark, n'kuwazapo ufa wake inkiyo isanaume. Mukagwedeza pepala, ufa wotsala umagwa, muubwezere m'kabotolo, osataya. Kenako mutenthetse. Ufawo ndi pulasitiki woperapera, choncho ukamva kutentha umasungunuka. Musayerekeze kugwiritsa ntchito makina owumitsira tsitsi, mphepo yake imauluza ufa wonse. Pali kamakina kake kotenthetsera, koma magetsi akazima ine ndimagwira khadi m'mwamba pang'ono pa mbaula yoti makala ayaka bwino, utsi watha. Mumaona ndi maso ufa wooneka ngati mchenga ukusanduka golide, kuyambira pa A mpaka pa i. Pomwepo chotsani msanga. Mukachedwa pepala limachita chikasu n'kupindika.

Khadi loyamba la mtundu umenewu nditawapatsa, mayi adayendetsa chala pa zilembo kawiri asanalitsegule n'komwe. Maso awo afooka masiku ano, koma khadilo likadali m'buku lawo la nyimbo, ndipo amalidziwa polikhudza.

Pempho langa likupita kwa aphunzitsi a Expressive Arts m'sukulu za pulayimale. Labala, inki ndi pepala lolimba n'zokwanira kuti mwana adindire mayi ake khadi m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao, lezala akugwira ndi mphunzitsi. Pepala nalo tili nalo konkuno. A bungwe la PAMET (Paper Making Education Trust) ku Blantyre amapanga mapepala pamanja kuchokera ku mapepala otha ntchito, makungwa a nthochi, ngakhale ndowe za njovu. Pepala lotere ndi lokhakhala, ndiye limafuna chidindo cha zilembo zikuluzikulu ndi dzanja lotsindika.

Vuto lenileni ndi ufa uja. Ine amanditumizira ndi alamu anga kuchokera ku Johannesburg, ndipo ukatha ndimadikira miyezi. Eni masitolo a zolembera, tayesani kuitanitsako timabotolo tingapo, ta golide ndi toyera. Ine ndi amayi anzanga atatu omwe ndikuwaphunzitsa Loweruka lililonse tidzakhala oyamba kugula.

Mayi wodinda makhadi,
Bangwe, Blantyre