Kalata yotseguka kwa a António Costa, Mtsogoleri wa European Council (bungwe la atsogoleri a mayiko a European Union)

Olemekezeka a Costa,

Ife amene timatsatira ntchito za European Union tikupempha kuti ofesi yanu izisindikiza mndandanda wovomerezeka wosonyeza chipani cha mtsogoleri aliyense mwa 27 amene mumakhala nawo pa msonkhano, ndipo uzikonzedwa nthawi iliyonse boma likasintha.

Mukudziwa bwino chifukwa chake. Mu June 2024 maudindo akuluakulu a European Union anagawidwa ndi atsogoleri asanu ndi mmodzi msonkhano usanayambe: a Tusk ndi a Mitsotakis m'malo mwa EPP (chipani cha ku Ulaya konse cha European People's Party), a Scholz ndi a Sánchez m'malo mwa masosholisiti, a Macron ndi a Rutte m'malo mwa Renew, gulu la ma liberal. Pa 27 June ena onse anangopeza mbale zitagawidwa kale. A Meloni a ku Italy sanaponye voti pa a von der Leyen, amene ankasankhidwa kutsogolera European Commission, ndipo inuyo pamodzi ndi a Kallas, amene ankasankhidwa kukhala mkulu wa za maiko akunja, anakukanani. Ngati zipani zili ndi mphamvu yotere, nzika iyenera kudziwa kuti ndani ali kuti.

Vuto ndi lakuti mawu akuti "chipani" amabisa zinthu zitatu: chipani cha kwawo, chipani cha ku Ulaya konse, ndi gulu la aphungu mu European Parliament. Izi sizigwirizana nthawi zonse. Aphungu a chipani cha a Macron ali m'gulu la Renew, koma chipanicho si membala wa ALDE, chipani cha ku Ulaya konse cha ma liberal. Fidesz, chipani cha a Orbán a ku Hungary, inachoka mu EPP mu March 2021. Smer, chipani cha a Fico a ku Slovakia, inaimitsidwa ndi PES (chipani cha ku Ulaya konse cha masosholisiti) mu October 2023, koma ambiri anapitiriza kuiwerenga ngati ya masosholisiti. Choncho mndandandawo ukhale ndi mizere itatu, ndi wachinayi wonena ngati chipanicho ndi membala wathunthu, woimitsidwa kapena wongoonerera, ndi tsiku limene zinasintha.

Musaiwale kulembanso amene amakhaladi pampando. France, Lithuania, Romania ndi Cyprus amatumiza pulezidenti, pomwe mayiko ambiri amatumiza nduna yaikulu. A Nausėda a ku Lithuania alibe chipani, choncho kuwaika m'gulu la boma lawo ndi kulakwitsa.

Pomaliza, pambali pa dzina lililonse pakhale chiwerengero cha anthu a dzikolo. Posankha woti atsogolere European Commission pamafunika mayiko 20 mwa 27, okhala ndi anthu osachepera 65 peresenti ya mgwirizano wonse. Germany ili ndi anthu oposa 80 miliyoni pomwe Malta safika ndi miliyoni imodzi yomwe, ndiye kungowerenga mitu ya atsogoleri kumanamiza anthu za mbali imene ili ndi mphamvu.

Mwaulemu,
Otsatira ndale za ku Ulaya