Wotchi ya m'madzi sikukula ayi, yesani kaye mkono wanu

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata ndiyankhulepo za mawotchi. Ndikudziwa ena anena kuti nkhani yake ndi yachabe poti masiku ano aliyense nthawi amaonera pa foni, koma kuno kwathu ku Tete ambirife ntchito zathu sizilola kumangopisa m'thumba. Wa ku migodi ya malasha ku Moatize, msodzi wa kapenta pa Cahora Bassa amene amachezera usiku wonse manja ali chinyowere, mlimi wothirira mbatatesi ku Tsangano, wa kabaza wa njinga yamoto pa msewu wa ku Calomue, onsewa wotchi yapamkono imawathandiza, makamaka foni ikatha moto.

Chimene chandilembetsa ndi fasho yabwerayi ya ziwotchi zikuluzikulu zimene akuti ndi za anthu olowa pansi pa madzi. Mupite pa msika wa Ulongwe muone, mnyamata kamkono kake kowonda koma wavala chiwotchi ngati chivundikiro cha poto, chikugwera mbali iyi ndi iyo, ndiye amvekere iyi ndi diver akulu, siilowa madzi. Mtundu wa wotchi umenewu ine sindikuunyoza ayi, ndimaukonda kwambiri chifukwa ndi wolimba komanso umawerengeka bwino olo mumdima. Koma wina akafuna kugula ayambire pa mkono wake, kenako aganize za munthu amene adzaitsegule batire ikadzatha, zinazo zibwere pambuyo.

Kuyeza mkono sikufuna ndalama, tengani ulusi muzunguze pamene pamakhala wotchi kenako muuyale pa rula, kapena mubwereke tepi ya atelala. Ambirife mupeza masentimita 15 mpaka 17. Mkono woterewu imaukhala bwino ndi wotchi ya mamilimita 36 mpaka 39, mwina 40 basi. Koma nambala imene ogulitsa sakuuzani ndi ya kutalika kwa wotchi yonse kuchokera pa tinyanga ta kumtunda pomwe pamalowa lamba kufika pa tinyanga ta kumunsi. Imeneyo ikapitirira 47 kapena 48 pa mkono waung'ono tinyangato timalendewera m'malere, lamba sagwira bwino, wotchi imangoyendayenda, ndipo mukapinda dzanja kabatani ka pambali kaja kamakubayani. Ine ntchito yanga ndi yokonza mapampu a madzi ndi injini zake, dzanja limalowa m'malo othina, chiwotchi chonenepa chimakodwa pa chilichonse ndipo galasi ndi limene limayamba kukalika. Yaing'ono imabisala mu ovolosi, mpaka umaiwala kuti wavala.

Vuto lake ndi loti mawotchi a m'madzi otchuka ambiri ndi aakulu. Casio ija amaitcha Duro, MDV-106, yabwino ndithu komanso yosaboola m'thumba, koma ndi ya mamilimita 44. Seiko ija amati Tuna ndiye kaya, imapitirira pamenepo. Ndiye ukati ufune yaing'ono, ya m'madzi, komanso yosunga nthawi mwapamwamba zedi, zitatu zonsezo mu wotchi imodzi, mpamene mutu umayamba kuwawa.

Za kusunga nthawizi ndifotokozeko pang'ono poti ambiri amangoti ya batire ndi ya batire. Mkati mwa wotchi ya quartz muli kamwala kakang'ono kwambiri kamene kakalandira moto wa batire kamanjenjemera maulendo 32,768 pa sekondi imodzi, ndipo kachipangizo kena kamawerenga kunjenjemerako nkumasuntha muvi. Yoyamba kugulitsidwa ya pamkono inali Seiko Astron, inatuluka ku Japan pa 25 December 1969. Ya quartz wamba imasemphana ndi nthawi yeniyeni ndi masekondi ngati 15 pa mwezi, Casio F-91W imene tonse tinakulira nayo ija eni ake amati 30. Izi nzabwino kale kwambiri mukayerekeza ndi za automatic zosagwiritsa batire, zimene olo ikhale yodula yokhala ndi setifiketi ya ku Switzerland amailola kutsalira masekondi 4 kapena kutsogola 6 pa tsiku, osati pa mwezi, pa tsiku. Komanso automatic siikondana ndi kugwedezeka kwa njinga yamoto pa misewu yathu yamabampuyi.

Tsono kamwala kaja kali ndi khalidwe lake, kamayenda bwino kutentha kukakhala pafupi ndi madigiri 25, kukatentha kuposa apo wotchi imatsalira, kukazizira imatsaliranso, mbali zonse ziwiri ndi kutsalira basi. Mukachoka pa 25 ndi madigiri 10 ndi pafupifupi masekondi 9 pa mwezi, mukachoka ndi 15 afika cha m'ma 20. Ndiye taganizani za chigawo chathu chino. Mu mzinda wa Tete mwezi wa October ndi November kutentha kumadutsa 40, phula mpaka kufewa, pamene kuno kumtunda ku Angónia mu June ndi July m'mawa manja amachita kuuma. Wa chapa, minibasi zathu zija, amene amanyamuka ku Ulongwe mbandakucha nkukafika pa mlatho wa Samora Machel masana wotchi yake yaona nyengo ziwiri tsiku limodzi. Mwayi wake ndi woti ikakhala pamkono thupi limaisunga pa kutentha kosasinthasintha kwambiri, yovutika ndi ija mumaivula nkuisiya pa dashibodi.

Zimene amati high accuracy quartz zinabwera kudzathana ndi zimenezi. Mkati anaikamo kachipangizo koyeza kutentha, ndipo wotchi imadzikonza yokha. Grand Seiko ali ndi injini yawo ya 9F imene inayamba mu 1993, imayeza kutentha maulendo 540 pa tsiku ndipo amalonjeza masekondi 10 pa chaka chathunthu. Longines Conquest V.H.P. amati masekondi 5 pa chaka. Citizen mu 2019 anatulutsa ina ya sekondi imodzi yokha pa chaka, koma imeneyo ndi yovala pa ukwati, si yapantchito. Breitling nawo ali ndi yawo amaitcha SuperQuartz, Certina amagwiritsa ntchito injini zotchedwa Precidrive za masekondi 10 pa chaka ndipo iwowa mtengo wawo ndi wotsikirako. Ndipo kunena zoona kuno ndi kumene wotchi yotere ingasangalatse, chifukwa ife sitisintha nthawi kawiri pa chaka ngati ku Ulaya, komanso ukaoloka pa Zobue kapena pa Dedza nthawi ya Mozambique ndi ya Malawi ndi imodzi, ndiye ukaitchera kamodzi watchera mpaka batire idzathe.

Koma onani mmene zimakhalira. Grand Seiko ya m'madzi ya 9F imapitirira mamilimita 42 ndipo ndalama yake mungagule njinga yamoto yatsopano nkutsala chenji chambiri. Longines V.H.P. inatuluka ya mamilimita 36, yokwana bwinobwino, koma ndi ya mamita 50 okha, si diver. Sinn UX ya ku Germany ndi chilombo, mkati anadzazamo mafuta kuti ipirire pansi pa nyanja, koma ndi 44, ndipo batire ikatha simungapite nayo pa msika, imayenera kubwerera kwa eni ake ku Frankfurt kuti akaitsegule ndi kuthiramo mafuta ena. Kuchokera ku Furancungo a Mkonzi, kutumiza wotchi ku Frankfurt chifukwa cha batire?

Ndiye pa zitatu zija chimodzi chiyenera kugonja, ndipo kwa ine chogonja ndi masekondi. Masekondi 15 pa mwezi ndi mphindi 3 pa chaka. Ndani wa ife anasiyidwapo ndi chapa chifukwa cha mphindi 3, chapa chake chiti chonyamuka isanadzaze? Amene ndalama ali nazo ndipo mtima wake umakondwa akaona muvi ukugunda ndendende ndi nthawi ya pa wailesi chaka chonse, agule, ndi chinthu chokoma ndithu ndipo sindimunena. Koma asagule chachikulu chosamukwana chifukwa cha nambala ya pa pepala.

Chenjezo lina, pa kaunjika pamapezeka ma Casio olembedwa Wave Ceptor kapena Multiband 6, ogulitsa amvekere iyi imadzitchera yokha. Zoona imadzitchera, koma imadalira masiteshoni a wailesi amene ali ku Japan, China, America, England ndi Germany, muno mu Africa mulibe olo imodzi, ndiye kuno imangoyenda ngati quartz wamba. Ndi yabwinobe, koma musawonjezere mametikali chifukwa cha zimenezo. Zimene zimadzitchera kuno ndi za GPS kapena zolumikiza ku foni pa Bluetooth.

Za madzi nazo anthu timanamizidwa. Wotchi yolembedwa 30M sikuti mungalowe nayo mamita 30, imeneyo ndi ya mvula ndi kusamba m'manja basi. Ya 50M mwina kusambira pang'ono. Yogwira nayo ntchito m'madzi tsiku ndi tsiku ikhale 100M kapena 200M, ndipo diver yeniyeni imalembedwa Diver's 200m, kusonyeza kuti inatsata muyezo wa ISO 6425 umene umafuna kuti ipirire mamita osachepera 100, iwoneke mumdima, komanso ikhale ndi poyezera nthawi imene munthu wakhala pansi. Kunena chilungamo palibe wa ife amene akukamira mu Zambezi, ng'ona ndi mvuu zilimo zokwanira, koma wotchi yotseka madzi imatsekanso thukuta ndi fumbi la malasha, mpamene pali phindu lake. Mkombero wozungulira uja, bezel, umazungulira mbali imodzi yokha dala kuti ukagundidwa mwangozi usakunamize kuti nthawi ikadalipo yambiri. Ine ndimautchera ndikaliza pampu kuti ndidziwe yayenda mphindi zingati, mayi a kunyumba amabwereka akaika mkate mu uvuni. Pogula muuzunguze, ukamabwerera mbali zonse kapena ukakhala wongojambula wosayenda, imeneyo ndi yongokongoletsa. Kabatani ka pambali kakhale komanga ngati bawuti, ndipo mukatha kukonza deti muzikamanga.

Pomwe mawotchi abwino ambiri amafera ndi pa batire. Ndinaimapo pa benchi ya wokonza mawotchi wina ndikumuona akutsegula ya munthu ndi nsonga ya mpeni, karabala kakuda kopyapyala kamene kamakhala m'mphepete mwa chitseko kanagwera pa thebulo, iye anangokauzira kumbali pamodzi ndi fumbi, nkuika batire ndi zala, nkutseka. Mwini wake analipira akumwetulira. Wotchi imeneyo olo inalembedwa 200M, kuyambira tsiku limenelo mvula yoyamba galasi lichita nthunzi mkati. Simungamudzudzule kwambiri wokonzayo, marabala a saizi iliyonse awapeza kuti, makina oyezera ngati yatsekeka awapeza kuti. Ndiye mukapita nayo muime pompo, muone kuti karabala kabwerera pamalo pake kosapindika, kapakidwe girizi wa silikoni, ndipo batire ikhale ya nambala yomweyo imene yatulukayo. 9F ija batire yake ndi ya zaka 3, kutanthauza kuti zaka 3 zilizonse wina ayenera kuitsegula, pamene F-91W imatha zaka ngati 7.

Nchifukwa chake ine ndimakokera ku za sola, Citizen Eco-Drive kapena Seiko Solar. Zimadya kuwala, ndipo dzuwa ku Tete sitigula, zimatha zaka zambiri osatsegulidwa, rabala wa ku fakitale ali pamalo pake. Nthawi zimasunga ngati quartz wamba, masekondi 15 aja, ndipo makampani onse awiriwa ali nazo za m'madzi zosafika mamilimita 40, kungoti muyenera kufunsa ndithu poti zimene zimabwera zambiri ndi zazikulu. Kwa asodzi a usiku iliponso Marathon ya ku Canada ya mamilimita 36, ya mamita 300, mivi yake ili ndi timachubu ta tritium towala tokha osadikira kuti tiwombedwe ndi dzuwa, kuwalako kumachepa ndi theka pakatha zaka ngati 12. Imeneyo ndi ya batire koma, ndi yonenepako, ndipo si yotchipa.

Amene mukutuma achibale ku Johannesburg kapena ku Maputo kuti akugulireni, musangowatumizira chithunzi pa WhatsApp, pa chithunzi zonse zimaoneka zofanana. Muwauze nambala ya modelo ndi mamilimita ake, ndipo lamba akakhala wachitsulo abweretse ndi timfundo totsala tija, asatitaye.

Ndine wowerenga wanu,
Ulongwe, Angónia