Ampu ya agogo si yoyatsa chiyatsire

Akonzi,

Ndipatseniko danga ndilankhule ndi anyamata oimba magitala amene ayamba kufukula zipangizo zakale pansi pa mabedi a makolo awo ndi m'mastolo a m'matchalitchi. Ine ndidayamba kukonza mawailesi nthawi ya mavalavu, timababu tagalasi tija tokuza mawu. Maso afooka tsopano, koma mphuno idakali bwino, ndipo fungo la thiransifoma yopserera ndimalimvera patali.

Mwezi wathawu mdzukulu wanga adabwera ndi mnzake atakweza chibokosi pa wilibala. Nditavundukula chitenje ndidangoti kukamwa yasa. Idali ampu, chokuzira mawu a gitala, ya mtundu wa Vox AC30, ya masipika awiri a mainchi 12, nsalu yake yakutsogolo itadyeka ndi mphemvu m'munsi. Agogo ake a mnzakeyo adabwera nayo kuchokera ku Bulawayo komwe ankagwira ntchito, ndipo atamwalira idakhala zaka zoposa 30 osayatsidwa. Mnyamatayo atangoipeza, pulagi kukhoma. Akuti idalira ngati njuchi zili mumtsuko, kenako fyuzi phu! M'malo moti aime pomwepo, adakulunga fyuziyo ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya n'kuyatsanso. Utsi utayamba kutuluka m'pamene adakumbuka kuti kuli nkhalamba ina ku Ndirande.

Mwayi wake ngwakuti adazula msanga. Akadachedwa pang'ono thiransifoma ikadapsa, ndipo imeneyo simungaipeze pamsika wa Limbe.

Ampu imeneyi idapangidwa ku Dartford ku England ndi kampani ya Jennings Musical Industries, ndipo mtundu wake udatuluka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, luso la Dick Denney. Ndi mtundu womwe a Beatles ankaimbira akuyamba kutchuka. Mkati muli mavalavu anayi a EL84 opereka mphamvu kumasipika, ina ya GZ34 yowongola magetsi, ndi timavalavu tating'ono ta ECC83. Anthu ambiri akaona magalasi amenewa amathamangira kunena kuti ndiwo afa. Kawirikawiri si iwo. Valavu ikangokhala osagwira ntchito sikalamba. Chimene chimakalamba chili chigonere ndi makapasita aja aakulu ngati zitini, amene amasefa magetsi. Mkati mwake muli mankhwala achinyezi, ndipo zaka zikamapita amauma, ena amatupa n'kutulutsa zoyera ngati mchere kumapeto. Ikauma, kung'ung'udza kwa magetsi kumalowa mpaka kusipika. Ikaboola mkati, imakoka magetsi ngati ng'ombe yaludzu, ndiye fyuzi imadzipereka kuti ipulumutse thiransifoma. Mnyamata uja ndi kapepala kake adachotsa mlonda pachipata.

Makapasita otere ine sindikambirana nawo. Aakulu, aang'ono, onse amtundu wamankhwalawu amachoka akakwanitsa zaka 40 kapena 50, kaya akuoneka bwino chotani. Mu AC30 muli ina imene imavutika kuposa zonse, yokhala pambali pa resista yaikulu, chipangizo chochepetsa kuyenda kwa magetsi, imene mavalavu anayi aja amagawana. Ampu imeneyi imatentha kwambiri mwachibadwa, ndiye kapasitayo imakhala ngati chimanga chapamakala. Yathu tidaipeza itang'aluka, resistayo itada bii.

Koma apa m'pamene ndimasiyana ndi amisiri anzanga ena achinyamata. Iwo akatsegula ampu yakale amafuna kusesa zonse, aike zatsopano zokhazokha, kuti mwini wake aone kuti ntchito yagwiridwa. Ayi, abale. Muli timakapasita tina tating'ono touma, tina tachikasu ngati mpiru, timene timadutsitsa mawu kuchoka pa valavu ina kupita pa inzake. Timeneti tambiri tidakali bwino mpaka lero. Kayezeni ndi mita kumbali imene sikuyenera kufika magetsi a DC, oyenda mbali imodzi ngati a batire. Ngati kakudontha, chotsani, chifukwa kamapangitsa valavu yakutsogolo kufiira mkati ngati khasu lili pang'anjo mpaka kufa. Ngati sikakudontha, kasiyeni. Maresista akale a kaboni nawonso amakwera akamakalamba. Yolembedwa muyeso wa 100k ikamawerenga 108k pa mita ndimaisiya, ikafika 140k kapena ikamachita phokoso la mafuta ali pamoto ndimaichotsa. Mu ampu yonseyi ndidachotsa maresista asanu ndi awiri okha. Ndipo dzanja likhale lopepuka powotcherera, timatabwa takale timeneti tikapsa sitibwerera.

Mdzukulu wanga, amene sachoka pafoni, adandiwerengera za azungu ena a pa intaneti amene amati ukachotsa kapasita imodzi yokha wachepetsa mtengo wa ampu. Ndidamuuza kuti amenewo amagula zoika m'kabati yagalasi. Ife tikufuna yoti ikaimbe pachinkhoswe osazima mkwatibwi asanavine. Komabe zochotsedwazo sindidataye, ndidaziika m'kajumbo n'kumangirira mkati mwa bokosi, kuti wodzaitsegula ine kulibe adzaone chimene chidalimo.

Tsopano mawu amene andilembetsa kalatayi. M'zitini zija mumatsala magetsi ngakhale mutazula pulagi. Mu Vox ndi mavoti oposa 300, mu ampu ina yotchedwa Fender Twin Reverb amapitirira 400. Ine chala chapakati chakumanja chili ndi chipsera cha 1979, ndidagwira wailesi yomwe ndidali nditaizimitsa kalekale, ndipo ndidapezeka ndili pansi kuseri kwa tebulo. Kapasita imatsitsidwa kudzera pa resista, kenako n'kuyeza ndi mita kuti yatsikadi, osati kugundanitsa ndi sikuludalaiva. Poyeza ampu yoyaka, dzanja limodzi likhale m'thumba. Ngati izi zikumveka zachilendo, ndiye kuti chivindikiro chimenecho si chanu kutsegula.

Chingwe chamagetsi nachonso tidasintha, chidali chitauma mpaka kumathetheka ukachipinda. Tidaika cha mawaya atatu, wa efi, wotayira magetsi pansi, titaumanga ndi bawuti pachitsulo cha ampu penipeni. Oimba amene adalumidwapo mlomo ndi maikolofoni ali chigwirire gitala akudziwa chimene ndikunena. Onaninso kumene ampu idachokera. Zambiri za ku America zidapangidwira mavoti 120, pomwe kuno tili pa 230, ndiye popanda thiransifoma yotsitsa mwaipha nthawi yomweyo. Vox yathu ili ndi posankhira, ndidaika pamwamba penipeni, pa 245, kuti izipuma bwino. Ndipo ampu ya mavalavu siyatsidwa sipika isanalumikizidwe, thiransifoma yakumasipika imapsa mwakachetechete.

Poyatsa koyamba ndidadutsitsa magetsi mu babu la mawati 100, la kale lija lokhala ndi kawaya mkati. Babulo likawala n'kuzilala, zili bwino. Likawalabe ngee, zimitsani, mudakali vuto. Mababu amenewa akusowa masiku ano a LED, ine ndidali nawo atatu m'sokosi, mnyamata uja adakhalira limodzi.

Ma EL84 awiri adali atatopa, ndiye tidagula anayi atsopano oyezedwa kuti ngofanana, popeza amadyera mbale imodzi. Ndi a kampani ya JJ ya ku Slovakia, adabwera ndi mlamu wake wa mnyamatayo pabasi kuchokera ku Johannesburg atawakulunga m'matawulo. Mavalavu masiku ano amapangidwa m'mafakitale ochepa, ku Slovakia, ku Russia ndi ku China. Timavalavu tating'ono ta kampani ya Mullard ta ku Blackburn ku England, tolembedwa zoyera zofufutika, tidabwerera m'malo mwake tonse. Tikugwira ngati tidapangidwa dzana.

Pomaliza, Akonzi, ogula zitsulo akutimaliza. Chaka chatha ndidaona ndi maso anga ampu ya mavalavu itaswedwa ndi hamala kuti achotse kopa wa m'thiransifoma, mavalavu ana akuponyerana. Mwini wake adalandira ndalama yosakwana n'thumba la makala lomwe. Amene muli nazo zotere musanaitane wa sikelo, funsani kaye nkhalamba zokonza mawailesi, tidakalipo angapo.

Vox ija idaimba Loweruka. Mnyamatayo adangokhudza nsambo, agalu a kwa aneba adayamba kuuwa, mayi a kunyumba adatuluka m'khitchini ndi mthiko m'manja. Kwatsala kusoka nsalu yakutsogolo, ndipo babu langa sadandibwezerebe.

Wokonza mawailesi wopuma,
Ndirande, Blantyre