Kalata kwa Onse Olalikira mu Mpingo Wathu

Okondedwa mwa Ambuye, akulu a mpingo, amayi a Chigwirizano ndi achinyamata amene mumaima kutsogolo m'nyumba zathu za mapemphero kuno ku Chipata, mtendere ukhale nanu.

Pali chizolowezi chimene chikukula pakati pathu. Timawerenga vesi, kenaka n'kumangolibwereza mokweza mawu mpaka nthawi itatha. Anthu amavomera ameni, koma pofika pakhomo palibe chimene atola.

Taganizani za mneneri Natani pamene anapita kwa mfumu Davide, Davideyo atachita chigololo ndi mkazi wa Uriya (2 Samueli 12). Sanayambe ndi lamulo loletsa chigololo, poti mfumu inkalidziwa kale. Anasimba za munthu wosauka amene anali ndi kamwana ka nkhosa kamodzi kokha, komwera naye chikho chimodzi, kogona pachifuwa pake ngati mwana wake wamkazi, mpaka wolemera anakalanda n'kuphera mlendo. Davide anapsa mtima, n'kupereka chiweruzo asanazindikire kuti mlanduwo ndi wake. Chidzudzulo chachindunji akadachikana, koma fanizo linamugwira.

Tsono mafanizo otere sabwera kwa munthu wosawerenga. Ku Atene, Paulo anatchula mawu a alakatuli achigiriki (Machitidwe 17:28), ndipo ali m'ndende anapempha Timoteo kuti amutengere mabuku ndi zikopa zolembapo zija (2 Timoteo 4:13). Ngati mtumwi ankafunabe mabuku imfa ili pafupi, nanga ife?

Baibulo likhale loyamba, ndipo muziliwerenga lonse, osati masalimo okondedwa okhaokha. Kenaka onjezani mbiri ya Angoni a Mpezeni, ya Achewa a Kalonga Gawa Undi, ya amishoni amene anafika ku Magwero mu 1899, nyuzipepala, ngakhale timapepala ta alangizi a zaulimi. Mlaliki amene wawerenga momwe mbozi imabisalira mkati mwa nsonga ya chimanga, n'kumadya mlimi akuona ngati munda uli bwino, sadzavutika kufotokoza tchimo lobisika kwa alimi a ku Katete. Miyambi ya agogo athu nayonso musaitaye.

Chenjezo langa ndi ili: fanizo lisameze vesi. Ena amaseketsa anthu theka la ola, Khristu osatchulidwa n'komwe. Musagwiritsenso fanizo polasa mnzanu amene munakangana naye, kapena kubweretsa paguwa nkhani za pa WhatsApp zimene simunazitsimikize.

Amene muli ndi mabuku ongokhala m'masutikesi, bweretsani Lamulungu likudzali. Tiwaika m'chipinda cha akulu kuti tizibwerekana, ndipo alembi a mpingo adzasunga kaundula wake.

Ine mbusa wanu mwa Khristu.