Kalata kwa Dalitso: chimene chinkayendetsa Route 66

Mnzanga Dalitso,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko ndipo kuzizira sikukukuvutitsa. Unafunsa za sewero lakale lija la pa TV, Route 66, kuti chinsinsi chake chinali pati poti anyamata awiri ongoyenda pagalimoto anakhalitsa pa kanema wa CBS wa ku America kuyambira 1960 mpaka 1964, zigawo 116.

Yamba ndi galimotoyo. Ndi Chevrolet Corvette, ya mipando iwiri yokha. Munthu wachitatu alibe pokhala, ndiye aliyense amene akumana naye ayenera kutsala m'tauni yake chigawocho chikatha. Herbert B. Leonard ndi Stirling Silliphant, amene anayambitsa seweroli, anamanga zonse pamenepo.

Tod Stiles, woseweredwa ndi Martin Milner, ndi mwana wa kwa olemera, wophunzira ku yunivesite ya Yale. Bambo ake atamwalira, bizinesi inali itagwa, chotsala n'galimoto ija basi. Buz Murdock, woseweredwa ndi George Maharis, ndi mwana wamasiye wokulira m'dera la Hell's Kitchen mu New York, ndipo ankagwira ntchito kwa bambo a Tod. Wina amayamba waganiza, mnzake amayamba waponya chibakera. Koma usafulumire kunena kuti Buz ndiye wouma mtima. Nthawi zambiri ndi iye amene amamva msanga fungo la munthu wotayidwa, poti naye anatayidwapo, pamene Tod amakhulupirirabe kuti nkhani ikhoza kutha pokambirana.

Kawirikawiri chigawo chimayenda chonchi. Afika m'tauni ndalama zitawathera, apeza ganyu, kaya pa boti la asodzi, kaya pa famu kapena m'fakitale. Vuto si lawo. Ndi la munthu amene amupeza pantchitopo. Mmodzi akuti tiyeni tizipita, za eni ake izi, winayo mwendo walemera. Mkangano wa awiriwa ndiwo umapatsa owonera mbali ziwiri za nkhaniyo. Ndipo sikuti amapulumutsa aliyense ayi. Zigawo zina amangochitira umboni, n'kuliza galimoto.

Apa mpamene olemba ongoyamba kumene amaphonya. Ngwazi yokayikakayika imafuna chifukwa chenicheni chochokera, osati chongonamizira. Ngati kuima sikumutayitsa kanthu, ganyu, nthawi kapena dzino, kukana kwake n'kwabodza ndipo wowonera amadziwiratu kuti athandiza. Sewero lina la pa TV, The Fugitive, lomwe linayamba mu 1963, linakoka chingwe chimenechi mpaka kumapeto: Richard Kimble, dokotala wothawa apolisi, akaima kuti athandize wodwala, Gerard wapolisi amamuyandikira.

Umboni woti mphamvu inali pa kusiyana kwa awiriwa unaoneka Maharis atadwala matenda a chiwindi, hepatitis, n'kuchoka m'chaka chachitatu. Mu 1963 anabweretsa Glenn Corbett ngati Linc Case, msilikali wobwera kuchokera ku Vietnam. Nkhani yake inali yolemera, komatu Linc ndi wofatsa, wosunga zakukhosi, wofanana kwambiri ndi Tod. Nkhuni ziwiri zaziwisi sizikoleza moto. Seweroli linatha mu 1964, Tod atakwatira mumzinda wa Tampa ku Florida.

Ukamaonera, usavutike kufufuza msewu wa 66 weniweniwo. Ankajambula m'madera osiyanasiyana a America ndipo pa msewuwo ankadutsapo mwa apo ndi apo. Yamba ndi "Black November", chigawo choyamba, cha ku Mississippi, uone amene akuyamba kunena kuti tichoke.

Upereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako,
Mavuto