Nyimbo zobwerezabwereza si phokoso chabe

Mkonzi,

Sindikugwirizana ndi amene akunena kuti nyimbo zovina zopangidwa pa kompyuta, monga house, sizifika pamtima chifukwa zimangobwereza zomwezomwezo. Ife a m'Chigwa cha Shire sitiyenera kudabwa nazo, pakuti woimba ulimba nayenso amazungulira pa kachigawo kamodzi mpaka bwalo litenthe.

Mu house, ng'oma yaikulu imagunda kanayi pa kachigawo kalikonse kakafupi ka nyimbo kotchedwa bala, ka 120 mpaka 128 pa mphindi. Kusintha kumabwera pakatha mabala 8, 16 kapena 32: kamawu kena kalowa, kena katuluka. Kenaka ng'omayo amaichotsa, n'kutsala kiyibodi yokha. Khutu lomwe linaizolowera limayamba kuisowa, ndipo ikabwerera munthu amaimva mpaka m'chifuwa. Popanda kubwereza koyambako, kusowa kumeneku sikungakhalepo.

Vuto ndi kaikidwe. Pa maukwati ku Nchalo ndi ku Bangula, ma DJ ambiri amadula nyimbo isanafike pamenepa. Amakwezanso mikisa (makina osakanizira nyimbo) mpaka timagetsi tofiira tiyake, besi n'kusweka, ndipo ndi kutentha kwa kuno zokuzira mawu sizichedwa kupsa.

Ndikupempha ma DJ kuti azisiya nyimbo iyende mphindi zosachepera zinayi, azilowetsa ina pothera mabala 32, ndipo timagetsi tisafike pofiira.

Wokonda nyimbo,
Ngabu, Chikwawa