Kalata kwa mwana wanga pa nkhani ya pikapu

Area 25, Lilongwe

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino kumeneko, iwe, apongozi ndi zidzukulu zanga. Ife kuno tadzuka bwino, ndipo mwendo wa amayi ako uja wayamba kupepuka. Lamulungu lapitali nkhani yathu ya galimoto inadukizidwa ndi alendo aja, ndipo unanyamuka ndisanakuuze zonse zimene zinali kumtima kwanga. Choncho ndaona kuti ndikulembere, kuti uwerenge modekha usanatumize ndalama kwa mnzako wa ku Texas uja.

Zithunzi zimene unandionetsa pa foni ndakhala ndikuziganizira. Ford F-150 ndi galimoto yokongola, ndipo sindikunena kuti ndi chikomekome cha mkuyu ayi. Ku America kumene imapangidwa, mapikapu a banja limeneli akhala akugulidwa kuposa ena onse kwa zaka zoposa 40, ndipo anthu sangapitirize kugula chinthu chachabe kwa nthawi yaitali chotero. Koma iyo ndi anzake, Ram 1500, Chevrolet Silverado ndi Toyota Tundra, anawapangira dziko la misewu yotakata, la mafuta osasowa, ndiponso la alimi okoka ngolo zazikulu za ng'ombe ndi akavalo. Iwe ntchito yako ndi yogula soya ndi mtedza ku Mchinji ndi ku Kasungu, kuphatikizapo munda wako wa ku Mitundu, ndipo maganizo anga ndi akuti ntchito imeneyi ikufuna pikapu yapakati, monga Toyota Hilux, Ford Ranger kapena Isuzu D-Max, imene Lilongwe angathe kuimwetsa mafuta ndi kuikonza ikadwala.

Unanena kuti yaikuluyo idzanyamula matumba ambiri paulendo umodzi. Apa ndi pamene maso amatinamiza. Hilux ya zitseko zinayi imaloledwa kunyamula pafupifupi tani imodzi, nthawi zina kucheperapo, ndipo kulemera kumeneku kumawerengera ndi anthu amene akwera m'kati. Tani imodzi ndi matumba 20 a makilogalamu 50, kotero ukatenga anyamata anayi okweza katundu, matumba ako atsika kufika cha m'ma 13 kapena 14. Tsono F-150 ya zitseko zinayi, ngakhale ikuoneka ngati nyumba, kawirikawiri imaloledwa kunyamula kulemera kosasiyana kwenikweni ndi kumeneku. Malo ake akumbuyo oikapo katundu ndi otalika pafupifupi mamita 1.7, pamene a Hilux yotereyi ndi pafupifupi mamita 1.5, ndipo kukula kwake kwambiri kunapita ku malo okhala anthu ndi ku injini. Usakhulupirire mawu anga okha. Uza mnzakoyo atsegule chitseko cha dalaivala, ajambule kapepala kamene kamamatidwa pa mphuthu yake, pamene pamalembedwa kulemera kwa anthu ndi katundu kumene galimotoyo isapitirire, kenaka ugawe nambala ya makilogalamuyo ndi 50.

Pamene yaikulu imaposadi ndi pa kukoka. Hilux ya injini ya malita 2.8 imakoka mpaka makilogalamu 3,500, pamene F-150 yokonzedwera ntchito imeneyi imakoka matani asanu kapena kuposerapo. Ukanakhala ndi ngolo yonyamulira thirakitala kapena ng'ombe, ndikanakhala pansi ndi kuganizanso. Koma ngolo yotere ulibe, ndipo pa miyezi yokolola, pamene umafuna kusamutsa matumba 60 tsiku limodzi, palibe pikapu iliyonse imene ingakuthandize. Imeneyo ndi ntchito ya lole ya matani atatu, Canter kapena Dyna, yomwe ungathe kuchita hayala pa masabata ochepawo osasunga galimoto yaikulu chaka chonse.

Chimene chikundisowetsa tulo kwambiri ndi chiwongolero. Ife kuno timayendetsa kumanzere kwa msewu, ndipo n'chifukwa chake magalimoto athu ali ndi chiwongolero kumanja, kuti dalaivala akhale pafupi ndi mzere wapakati n'kumaona zimene zikubwera. Magalimoto a ku America ali ndi chiwongolero kumanzere. Taganiza uli pa M1 ukuchokera ku Kasungu madzulo, kutsogolo kwako kuli lole yodzaza mabelo a fodya ikukwawa kupita ku Kanengo, ndipo ukufuna kuipitirira. Mu Hilux ungosendeza galimoto pang'ono, n'kusuzumira, ndipo ukaona basi ikubwera ubwereranso. Mu galimoto ya chiwongolero chakumanzere iwe wakhala m'mphepete mwa msewu, ndipo kuti maso ako aone kutsogolo, uyenera kutulutsa pafupifupi galimoto yonse kuiika mbali ya anthu obwera. Munthu woyamba kukumana ndi ngoziyo ndi amene wakhala pampando wa pambali pako, ndipo masiku ambiri ameneyo ndi mayi wa ana ako. Oyendetsa magalimoto otere amadalira wokwera naye kuti awauze kuti "pitani" kapena "dikirani", koma moyo wa banja suyenera kutsamira pa maso a munthu amene sanagwire chiwongolero, ndipo masiku ena udzakhala uli wekha. Ku Australia, kumene amayendetsa kumanzere ngati ife, mapikapu amenewa amawasinthadi chiwongolero, koma ndi ntchito ya m'fakitale ndipo imakweza mtengo kwambiri. Si ntchito yoti munthu angaipereke ku garaja ya pansi pa mtengo.

Kukula kwake nakonso uganizire ndi misewu yathu m'maso. F-150 ndi yotakata kupitirira pang'ono mamita awiri osawerengera magalasi am'mbali, ndipo kutalika kwake kumayandikira mamita asanu ndi limodzi, pamene Hilux ndi pafupifupi mamita 1.85 m'lifupi ndi 5.3 m'litali. Papepala kusiyanaku kukuoneka kochepa. Koma pita nayo ku Malangalanga Loweruka m'mawa, pakati pa maminibasi, akabaza ndi amayi osenza madengu, kapena ukhote nayo pa kanjira ka ngolo za ng'ombe kolowera kumunda kwako, kumene chimanga cha eni ake chimafika m'mphepete mwenimweni. Pali timilatho ta matabwa kumidzi kumene ngakhale ndi Hilux munthu amayamba watsika kukaona pamene matayala aponde. Ndiponso galimoto yotalika pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo imakhuza mimba pansi msanga ikamatuluka m'khwawa, makamaka mvula ikakumba msewu mu Januwale ndi Febuluwale.

Za mafuta sindichulukitsa mawu, chifukwa mizere ya pa malo omwetsera mafuta waigonapo wekha. Ambiri mwa mapikapu akuluakuluwa amayendera petulo, ndipo imene unandionetsa ili ndi injini ya V8 ya malita asanu. Yotere ikayenda makilomita asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu pa lita imodzi ndiye kuti yachita bwino, pamene Hilux ya dizilo imapitirira makilomita khumi. Ulendo wa ku Mchinji, kupita ndi kubwera, ndi makilomita pafupifupi 220, ndipo yaikuluyo idzakudyera malita ena pafupifupi khumi paulendo uliwonse kuti ibweretse matumba omwewo. Mafuta athu amachokera kutali, kudzera ku Dar es Salaam, Beira ndi Nacala, ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja zimene dziko lathu limasowa kawirikawiri. Tsiku limene pa pampu akupereka malita owerengeka pa galimoto iliyonse, amene afike patali ndi mwini injini yaing'ono.

Tsopano ndikukumbutse chinthu chimene unachiona uli mwana, ngakhale mwina sunachimvetse. Uli ku pulayimale ndinagula galimoto ya mtundu wosowa kuno, chifukwa inali yotsika mtengo ndipo inkayenda mofewa. Inatitumikira bwino chaka chimodzi. Kenaka kachipangizo kena ka mu giyabokisi kanathyoka, kanthu kokwana m'dzanja, ndipo ndinayenda Biwi yonse ndi Mchesi nditakakulunga m'nyuzipepala, wogulitsa aliyense n'kumakatembenuza, kupukusa mutu, n'kundibwezera. Galimotoyo inakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba kuyambira mvula yoyamba mpaka chimanga chitauma. Udzu unamera mozungulira, matayala anang'ambika ndi dzuwa, ndipo chaka chimenecho feteleza anafika kumunda mochedwa chifukwa ndinkadikira magalimoto a anthu. Sukulu fizi yanu inavuta, ndipo amayi ako anagulitsa mbuzi zawo. Zimenezi zimandipwetekabe mumtima, ndipo sindikufuna kuti apongozi adzaone zomwe amayi ako anaona.

Hilux imene imafika kuno yambiri imapangidwa ku Durban, Ranger ku Pretoria, D-Max ku Gqeberha, mzinda umene kale tinkautcha Port Elizabeth, ndipo zina zimachokera ku Thailand. Zipangizo zake zili m'mashopu a mu Lilongwe muno, zatsopano ndi zakale zomwe, ndipo chimene chasowa chimabwera kuchokera ku Johannesburg m'masiku owerengeka. Makaniko wa pa Mponela kapena pa Kamwendo anatsegulapo injini zimenezi kambirimbiri. Koma fyuluta, mabuleki, galasi lakutsogolo kapena nyali ya F-150 udzaziitanitsa kutsidya la nyanja, n'kulipira m'madola, n'kudikira. Palinso china chimene mwina mnzako sanakuuze. Kuyambira mu 2015 thupi la F-150 limapangidwa ndi aluminiyamu osati chitsulo, kotero minibasi ikadzakukhula m'nthiti, anyamata athu owongola ndi kuwotcherera zitsulo sadzaigwira monga amagwirira magalimoto ena, chifukwa aluminiyamu imafuna zida zake ndi luso lake. Giya yake nayonso ndi yosintha yokha, ndipo m'zatsopano ili ndi magiya khumi oyendetsedwa ndi kompyuta.

Mtengo umene mnzako wakuuza ndi wa galimoto itaima pakhomo pake ku Texas. Uwonjezerepo sitima yapamadzi, zolipira padoko, woiyendetsa kufika pa chipata cha Songwe kapena cha Mwanza, msonkho wa MRA, kulembetsa ku Road Traffic ndi inshuwalansi. Upite ku MRA ndi mapepala ake ukafunse msonkho usanalipire kalikonse, chifukwa anthu ambiri asiya magalimoto pachipata atalephera kuwaombola. Ukumbukirenso kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene anali ndi katundu panyanja anadzuka ali ndi ngongole imene sanaiwerengere. Ndipo tsiku lina udzafuna kuigulitsa. Hilux yosamalidwa bwino ukaiika pamsika mu Lilongwe sichedwa kupeza mwini, pamene ya chiwongolero chakumanzere ndi yomwa petulo chonchi idzadikira munthu mmodzi wa mtima ngati wako.

Sindikufuna kuti uganize kuti pikapu yapakati ilibe zovuta zake. Ndi yokwera mtengo ngakhale itagwirapo ntchito, mpando wake wakumbuyo ndi wopanikiza paulendo wautali poyerekeza ndi yaikuluyo, ndipo ikakhala yopanda katundu imadumphadumpha pa msewu wa mabampu. Injini za dizilo zamakonozi sizipirira mafuta akuda, kotero dizilo wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu, amene nthawi zina amasakanizidwa ndi parafini kapena madzi, angakuwonongere ma injector, tizipangizo topopera dizilo mu injini, ndipo mtengo wake udzaumva. Ukadzaigula usadzaisandutse lole. Ndaona anthu akusanjika matumba 30 pa pikapu, kumbuyo kutakhala pansi, nyali zikuloza kumwamba, kenaka n'kumadandaula kuti masipiring'i athyoka ndipo mabuleki sakugwira potsetsereka.

Pakati pa mapikapu apakatiwa, chisankho chenicheni chimene uli nacho ndi cha single cab (ya zitseko ziwiri) kapena double cab (ya zitseko zinayi). Ya zitseko ziwiri ili ndi malo a katundu otalika kupitirira mamita awiri, ndipo ikanakhala ya bizinesi yokha ndikanakuuza kuti utenge imeneyo. Koma iwe galimoto ndi imodzi, yopititsa ana kusukulu, yopita kutchalitchi ndi kumaliro kumudzi, ndipo sindifuna kuona zidzukulu zanga zitakhala kumbuyo pamwamba pa matumba. Tenga double cab ya dizilo, ya 4x4 chifukwa cha matope a ku Mitundu, ndipo ngati ndalama zavuta, Hilux ya injini ya malita 2.4 ikukwanira ntchito yako. Ukadzaona kuti ntchito yakula moti ukufuna galimoto yolimba koposa apa, pali Land Cruiser ya pikapu imene mabungwe ndi boma amayendera m'madera ovuta, ndipo nayonso amakaniko athu amaidziwa.

Ndalama ndi zako, unazivutikira wekha, ndipo chisankho ndi cha iwe ndi akazi ako. Ndikungopempha kuti usanamuyankhe mnzakoyo utenge kope lako la bizinesi, uwerenge maulendo amene unayenda chaka chathachi, matumba amene unanyamula paulendo uliwonse ndi masiku amene unafunikadi kukoka ngolo. Ubwere nalo kuno Loweruka m'mawa. Ndalankhula kale ndi makaniko wanga uja wa ku Biwi, ndipo wavomera kutiperekeza kukaona mapikapu awiri amene akugulitsidwa, kuti akalowe pansi pake aone chasisi ngati sinawotchereredwepo, amvetsere injini isanatenthe, ndi kuona mapepala ngati akugwirizana ndi manambala a pa galimoto. Amayi ako akuti ubwere ndi ana, awasungira nthochi zakupsa. Upereke moni kwa apongozi.

Ndine,
Bambo ako